Eni Phiri ndi Alendo Ao: Mbiri Yoyambira pa Songani

Munthu woima pa msika wa Songani, pa msewu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, akapenya cha kumadzulo amaona mapiri awiri akulu, la Zomba ndi la Malosa, ndipo pakati pa mapiriwo pali chigwa chimene mtsinje wa Domasi umatulukiramo pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Masiku ano anthu amakwera phiri la Zomba kukapuma, kukaona dziko ndi kujambula zithunzi, ndipo aphunzitsi amatengera ana a sukulu komweko. Koma kukwera phiri chifukwa cha kuona chabe ndi khalidwe la chatsopano. Anthu akale, kuno ndi ku maiko ena omwe, ankadziwa kuti phiri lili ndi eni ake, amoyo ndi akufa, ndi kuti mlendo safikako popanda kuodira. Nkhani ino ilongosola mbiri ya eni mapiri ndi alendo ao, kuti mphunzitsi adziwe kumene akutengera ana a eni, ndi mtima umene ayenera kupita nao.

Chikondwerero cha ku Hemis

Chitsanzo chooneka bwino cha phiri lokhala ndi eni ake chili kutali, ku mapiri a Himalaya. M'chigawo cha Ladakh, kumpoto kwa India, muli nyumba ya amonke a chipembedzo cha Buddha yotchedwa Hemis, pa mtunda wa makilomita ngati 45 kuchokera ku mzinda wa Leh. Amonke ndiwo amuna amene amasiya ukwati ndi chuma nakhala pamodzi m'nyumba ya mapemphero, kuwerenga mabuku opatulika ndi kusunga miyambo. Nyumba ya Hemis inakhazikika m'zaka za m'ma 1600 ndi chithandizo cha mfumu Sengge Namgyal. Chaka ndi chaka, pa tsiku la 10 la mwezi wachisanu monga mwa kawerengedwe ka anthu a ku Tibet, ndiwo mwezi wa Juni kapena Julayi, amonkewo amakumbukira kubadwa kwa Padmasambhava, mphunzitsi amene anathandiza kukhazikitsa chipembedzocho ku Tibet m'zaka za m'ma 700. Masiku awiri athunthu amavala zigoba za nkhope zoopsa ndi zovala za silika, navina pa bwalo la nyumbayo gule wotchedwa cham, ng'oma ndi malipenga aatali zilikulira. Kwa iwo guleyo ndi pemphero ndithu, loonetsa kugonja kwa mizimu yoipa. Kamodzi pa zaka 12 amatulutsa nsalu yaikulu ya chifaniziro cha Padmasambhava naipachika pa khoma, monga anachitira mu 2004 ndi mu 2016.

Kufikira mu 1974 oonerera ambiri anali eni dziko, pakuti m'chaka chimenecho ndi pamene boma la India linatsekulira alendo a kunja njira ya ku Ladakh. Kuyambira pamenepo makampani a maulendo anayamba kukonzera anthu a ku Ulaya ndi kwina ulendo wokaona chikondwererocho. Ndalama za alendo zinathandiza kukonza nyumba zakale, koma zinasinthanso zina. Nyumba zina za amonke m'chigawocho zinasuntha zikondwerero zao kuzichotsa m'nyengo yozizira kuziika m'nyengo yofunda, imene alendo amachuluka. Tsono pa bwalo limodzi pamakhala anthu a mitundu iwiri: wodzapembedza ndi wodzaonerera, ndipo aliyense amaona chake. Chipembedzo cha Buddha chinafikanso m'Malawi, pakuti m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, anatsekula malo olerera ana amasiye a Amitofo Care Centre pafupi ndi Blantyre.

Nyumba za mapemphero za dziko lino

Wowerenga asayese kuti nyumba zotere nzachilendo kwa anthu a dziko lino. Achewa anali ndi kachisi wamkulu wa mvula pa Msinja, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama, kufupi ndi Kaphirintiwa, pamene makolo amati anthu oyamba ndi nyama anasiya mapazi ao pa thanthwe. Mwini kachisiyo anali Makewana, ndiko kunena mai wa ana onse, mkazi wa mfunda wa Banda amene sankakwatiwa ngati akazi ena, ndipo sankameta tsitsi kuopa kudula mvula. Ankamtumikira akazi otchedwa matsano, amenenso ankadzipatula kwa amuna. Panali Kamundi, wa mfunda wa Mbewe, woyendetsa miyambo, ndi Tsang'oma, woomba ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri yoitanira anthu ku nsembe. Mafumu a kutali ankatumiza mphatso zao pakagwa chilala. Apa pakuoneka kuti zimene zili ku Hemis zinalinso pa Msinja: malo opatulika, anthu odzipatula owasunga, ng'oma, ndi nyengo yake yosonkhanira.

Kusiyana kwake ndi kumeneku. Amonke a ku Hemis anali ndi makoma a miyala ndi mabuku olembedwa, ndipo nyumba yao inaimabe pa nkhondo zimene zinadutsa m'dziko lao. Kachisi wa pa Msinja anali wa mitengo ndi udzu, ndipo buku lake linali m'mitima ya omsunga. Pamene nkhondo za Angoni zinapasula Msinja m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800, osunga anabalalika, ndipo zambiri zimene zikudziwika lero ndi zimene okalamba anauza alembi onga Samuel Ntara, mlembi wa Mbiri ya Achewa, ndi W. H. J. Rangeley, amene analemba za Makewana mu 1952. Mbiri yosungidwa pakamwa imafa pamodzi ndi mwini pakamwa ngati palibe woimvetsera.

Alendo oyamba a m'chigwa cha Domasi

Nkhondo za zaka zomwezo zinafikanso m'dziko lozungulira Songani. Pamene David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, anapeza midzi ya Amang'anja, kapena Anyanja, anthu olima thonje ndi kusula zitsulo. Pasanapite zaka zambiri Ayao, amene kwao kunali pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma, analowa m'dzikolo, ndipo pa nkhondo, ukapolo ndi njala yaikulu ya 1862 ndi 1863, Anyanja ambiri anafa, ena anathawira pa mapiri ndi pa zisumbu za m'Chilwa, enanso anakhala pansi pa mafumu atsopano. M'tsinde mwa Zomba ndi Malosa munakhazikika mafumu a Chiyao onga Malemia ndi Kumtumanji, ndipo Kawinga anamanga linga lake pa phiri la Chikala.

Pali chinthu chimodzi cha Ayao amenewa choyenera kuchisunga. Mbusa Duff Macdonald, amene anagwira nchito pa mishoni ya Blantyre kuyambira 1878 kufikira 1881, analongosola m'buku lake lotchedwa Africana, la mu 1882, kuti Ayao ankakhulupirira kuti mzimu wa mfumu yakale ukhoza kukhala pa phiri nulamulira mvula ya dziko lonselo. Iye anasimba za Kangomba, mfumu ya eni dziko akale, amene mzimu wake unali pa phiri la Soche. Mfumu Kapeni, ngakhale inali Myao ndi wopambana pa nkhondo, pakagwa chilala inkafuna abale a Kangomba otsala kuti ndiwo apereke nsembe. Mwini mfuti anadziwa kuti iye ndi mlendo pa phiri, ndi kuti sangathe kulankhula ndi mwini phiri popanda mkhalapakati. Soche ili ku Blantyre, koma khalidwe lake liunikira dziko lonse la mapiri a Shire, m'mene Ayao ndi Anyanja anakwatirana nakhala mudzi umodzi.

Pambuyo pake panadza alendo ena ndi mapemphero ao. Chisilamu chinafika ndi amalonda ndi aphunzitsi ochokera ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo mafumu a Chiyao anayamba kuchilandira cha m'ma 1870. Mu 1884 Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anatsekula mishoni ya Domasi m'dziko la Malemia, naphunzira Chiyao kufikira analemba buku lophunzitsa chinenerocho mu 1889. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Zomba inasanduka likulu la boma, ndipo kumayambiriro kwa 1895 Kawinga atathira nkhondo dziko la Malemia, asilikali a boma anakwera Chikala napasula linga lake. Mu 1929 boma linatsekula sukulu ya Jeanes pa Domasi, yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi ao. Kotero m'zaka 70 zokha chigwa chimodzi chinaona nsembe ya ufa pa tsinde la mtengo, mzikiti, tchalitchi ndi sukulu ya boma, ndipo zonsezi zinasiya ana ao m'midzi yomweyo.

Maina a pa phiri

Mbiri ya alendo imaonekanso m'maina. Pa phiri la Zomba pali malo oonerapo dziko otchedwa Queen's View, pokumbukira ulendo wa amai a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Maina amenewa ali m'mabuku onse a alendo, chaka chake chodziwika. Koma Dzenje la Chingwe, la ku mphepete ya kumadzulo, lilibe chaka cholembedwa; anthu amangosimba kuti mafumu akale ankaponyamo adani ao, ena amati odwala khate, ndipo nkhaniyo imasintha monga mwa wosimba. Mlendo wa tsiku limodzi anasiya dzina lokhazikika, pamene maina a mitsinje, mapanga ndi nkhalango amene eni dziko anatcha alikuiwalika okalamba akamatha. Maiko akunja ayamba kuzindikira kulemera kwa zotere. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, zojambula za pa miyala ya Chongoni mu 2006, ndi phiri la Mulanje mu 2025, pozindikira kuti Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amaliyesa mokhala mizimu ya makolo. Ulemu wotere umaitana alendo ochuluka, ndipo funso la ku Ladakh lifika kuno: pa bwalo padzatsala pemphero kapena chionetsero chokha?

Nchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale sangathe kutengera ana ku Himalaya, koma safunika kutero. Pafupi ndi Songani pali zonse zimene phunziroli lifuna. Asilamu ambiri a m'chigwacho amachita ziyala pokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, ndi mbendera, sikiri ndi chakudya cha onse, ndipo tsiku lake amaliwerenga potsata mwezi, monga achitira amonke a ku Hemis. Akhristu ali ndi masiku ao pa mishoni ya Domasi. M'nyengo ya tchuthi chachikulu midzi imavinira ana ao ku jando ndi ku nsondo. Zina mwa izi mlendo amaloledwa kuziona, zina saloledwa, ndipo kudziwa malire amenewo ndilo phunziro loyamba.

Tsono asanatuluke ndi ana, mphunzitsi ayambe wapita yekha kwa nyakwawa, kwa shehe kapena kwa mbusa, nanene chimene afuna, pakuti safunsa anadya phula. Apemphe munthu wamkulu wa m'mudzimo kuti ndiye atsogolere ulendowo ndi kulongosola, monga Kapeni anafunira abale a Kangomba. Auze ana za kavalidwe, za poima ndi pokhala, ndi kuti chithunzi sachijambula popanda chilolezo. M'kalasi mwake mudzakhala mwana wa Msilamu, wa Mkhristu ndi wa wothira nsembe, ndipo mwana akamva mphunzitsi alikuseka pemphero la agogo ake, amaphunzira kuchita manyazi ndi kwao, ndipo manyazi otere sachoka msanga. Pobwerako ana alembe maina a malo monga eni ake awatchulira, m'Chiyao kapena m'Chinyanja, tanthauzo lake, ndi mudzi wa amene wawauza. Osimba awiri akasiyana, alembe nkhani zonse ziwiri, osasankha yokoma, popeza kusiyanako nakonso ndi mbiri.

Kabuku kotere, kosungidwa pa sukulu ndi kuonjezedwa chaka ndi chaka, kadzachita nchito imene mabuku a amonke anachita ku Hemis, imene inasoweka pa Msinja tsiku limene osunga kachisi anabalalika. Ana olemba m'kabukumo ndiwo amene mawa adzatsogolera alendo pa phiri la Zomba ndi la Malosa, ndipo adzawauza zokhazo zimene iwo eni anaphunzitsidwa kufunsa.