Kuchepetsa si kutseka

Pali njira ina yolimbitsira thupi imene munthu amamanga lamba kumtunda kwa mkono kapena kwa ntchafu, kenako n'kumanyamula zitsulo zopepuka. Inayambira ku Japan, kumene amaitchula kuti Kaatsu. Ena akamaifotokoza m'Chichewa, mawu amene amafulumira kutuluka pakamwa ndi akuti "kutseka magazi". Mawuwa ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kungathe kupundula munthu.

Kutseka n'kusasiya mpata ngakhale pang'ono. Lambayo sachita zimenezo. Ophunzitsa bwino amayamba ayeza mphamvu imene ingaimitsiretu magazi m'chiwalocho, kenako amapopa mpweya m'lambamo kufika pakati pa 40 ndi 80 pa 100 alionse a mphamvuyo. Magazi amalowabe, kungoti amalowa ochepa ndipo amachedwa kubwerera. Mnofu umaperewera okosijeni, umatopa msanga, ndiye chitsulo cholemera 20 kapena 30 pa 100 alionse a chimene munthuyo angathe kunyamula kamodzi chimaugwiritsa ntchito ngati katundu wolemera. N'chifukwa chake madokotala a mafupa ndi minofu amaigwiritsa ntchito pa anthu amene achitidwa opaleshoni ya bondo, amene sangasenze zolemera. Choncho tizinena kuti "kuchepetsa kuyenda kwa magazi". Ndi mawu aatali, inde, koma mnyamata wa ku jimu akamva "kutseka" atenga mphira ya chubu cha njinga n'kuikulunga zolimba mpaka zala zitachita dzanzi, n'kumaganiza kuti dzanzilo ndiye umboni woti zikuyenda.

Amene anayambitsa njirayi, Yoshiaki Sato, anaidziwa mbali yoopsayi ndi thupi lake lomwe. Maganizowa anamubwerera mu 1966 pa mwambo wa Chibuda, atagwada nthawi yaitali atakhalira zidendene, akatumba a miyendo n'kuuma ngati wachokera konyamula zitsulo. Atayamba kudziyesa yekha mopitirira muyezo, magazi anaundana n'kukatseka njira ya m'mapapo, mpaka anagonekedwa m'chipatala. Apa ndiye pamene mawu akuti "kutseka" akhala pamalo pake.

Mawu ena ofunika kusamala nawo ndi "mitsempha". Ife timati mtsempha kwa umene umanyamula magazi, timatinso mtsempha kwa umene umatumiza uthenga ku ubongo, ngakhalenso kwa wolimba uja wa m'nyama umene umakanika kutafunika. Pocheza palibe vuto. Koma wolemba nkhani ya zaumoyo akangoti "lamba amafinya mitsempha", wowerenga sadziwa kuti ndi iti, pamene nkhani yonse yagona pomwepo. Mitsempha yochotsa magazi ku mtima ili ndi khungu lochindikala ndipo yambiri ili mkati; imeneyi lamba amangoipana pang'ono. Yobweza magazi ku mtima ndi yofewa ndipo siichedwa kuphwatalala. Aliyense amene anatengedwapo magazi ku chipatala anaziona: namwino amamanga kachingwe pamwamba pa chigongono, n'kukuuzani kuti mufumbate dzanja, ndipo timitsempha tobiriwira timatukuka pakhungu chifukwa magazi akulowa koma akusowa potulukira. Mtundu wachitatu, wa uthenga uja, ndi umene umabweretsa dzanzi ukafinyidwa. Zimenezo zikachitika, lamba amasulidwe. Kuwonjezera mawu awiri kapena atatu ofotokoza mtundu wa mtsempha si kuwononga pepala.

Ndimadandaulanso ndi chiganizo chakuti "masewerawa amathamangitsa magazi", chimene anthu amachinena moyamikira. Kwa ambiri a ife, "kuthamanga kwa magazi" ndi dzina la matenda a BP. Gogo amene amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku akamva chiganizocho, asangalale kapena aope? Ngati tikutanthauza ubwino, tinene kuti magazi amayenda bwino m'thupi. Ngati tikutanthauza kuti BP imakwera pa nthawi imene munthu akunyamula chitsulo atamanga lamba, zomwe zimachitikadi, tinene choncho mosabisa. Amene BP yawo ndi yokwera kale, amene magazi awo anaundanapo m'mitsempha ya m'miyendo, ndi amayi oyembekezera ayenera kuyamba afunsa dokotala, ndipo sangadziwe kuti chenjezolo ndi lawo ngati wolemba wasakaniza mawu a matenda ndi mawu a thanzi.