Kuphulitsidwa kwa nyumba ya MOVE ku Philadelphia (1985)

Kuphulitsidwa kwa nyumba ya MOVE ndi chiwembu chomwe chinachitika pa 13 Meyi 1985 mumzinda wa Philadelphia, m'chigawo cha Pennsylvania ku United States, pamene apolisi a mzindawo anaponya bomba kuchokera mu helikopita padenga la nyumba yomwe munkakhala gulu la anthu akuda lotchedwa MOVE. Moto womwe unabuka unapha anthu 11, mwa iwo ana asanu, ndipo unapsereza nyumba 61. Anthu pafupifupi 250 anatsala opanda pokhala. Palibe wapolisi kapena mkulu wa boma aliyense amene anazengedwa mlandu chifukwa cha imfazi.

Chiyambi cha gulu la MOVE

Gulu la MOVE linayamba m'chaka cha 1972 ndipo analiyambitsa ndi Vincent Leaphart, yemwe anadzitcha John Africa. Anthu onse a m'gululi anatenga dzina loti Africa ngati la banja lawo. Ankakhala m'nyumba imodzi, ankalimbikitsa kudya zakudya zosaphika, ankateteza nyama, ndiponso ankadzudzula poyera tsankho ndi nkhanza za apolisi. Zionetsero zawo zinachititsa kuti azimangidwa kawirikawiri, ndipo udani pakati pa iwo ndi apolisi unakula m'nthawi imene Frank Rizzo, yemwe kale anali mkulu wa apolisi, anali meya wa mzindawo.

Mkangano wa mu 1978

Pa 8 Ogasiti 1978 apolisi anapita kukawatulutsa mokakamiza m'nyumba yawo ya ku Powelton Village. Panachitika kuwomberana ndipo wapolisi wina, James Ramp, anafa. Anthu asanu ndi anayi a gululi anapezeka olakwa pa mlandu wakupha ndipo aliyense anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zapakati pa 30 ndi 100. A MOVE akhala akunena kuti Ramp anaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi anzake. Tsiku lomwelo makamera anajambula apolisi akumenya ndi kuponda Delbert Africa atadzipereka kale manja ali m'mwamba. Apolisi atatu anaimbidwa mlandu, koma woweruza anawamasula mu 1981.

Kusamukira ku Osage Avenue

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 otsala a gululi anasamukira kunyumba nambala 6221 mumsewu wa Osage Avenue, m'dera la Cobbs Creek. Nyumba za kumeneko zinali zamdadada, zogawana makoma, ndipo eni ake ambiri anali mabanja a anthu akuda. Anthu oyandikana nawo anadandaula kuboma kwa nthawi yaitali za zinyalala, zokuzira mawu zomwe a MOVE ankalankhulirapo usana ndi usiku pofuna kuti anzawo atulutsidwe m'ndende, komanso kachipinda kolimba komwe anamanga padenga. Meya wa nthawiyo anali W. Wilson Goode, munthu wakuda woyamba kukhala paudindowo ku Philadelphia.

Zochitika za pa 13 Meyi 1985

Atasamutsa anthu a m'dera lonselo, apolisi pafupifupi 500 anazinga nyumbayo m'mamawa ali ndi zikalata zomangira anthu anayi. Mkulu wa apolisi, Gregore Sambor, analamula kuti onse atuluke, koma iwo anakana. Ozimitsa moto anapopera madzi ambiri padenga, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, kenako kuwomberana kunayamba. Apolisi anawombera zipolopolo zoposa 10,000 m'mphindi pafupifupi 90, ngakhale ankadziwa kuti m'nyumbamo muli ana.

Chakumadzulo, nthawi itangopitirira 5 koloko, wapolisi Frank Powell anaponya chikwama cha zophulika kuchokera mu helikopita ya apolisi a chigawo cha Pennsylvania. M'chikwamamo munali Tovex, yemwe amagwira ntchito m'migodi, ndi C-4, yemwe amagwiritsidwa ntchito ndi asilikali. Cholinga chinali kugwetsa kachipinda ka padenga kaja, koma sikanagwe ndipo denga linagwira moto. Sambor ndi mkulu wa ozimitsa moto, William Richmond, anagwirizana zousiya motowo kuti uyake, poganiza kuti uwononga kachipindako. Pamene anayamba kuuzimitsa unali utafalikira kale kunyumba zina.

Akuluakulu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo John Africa, anafa pamodzi ndi ana asanu. Opulumuka anali awiri okha: Ramona Africa ndi mnyamata wa zaka 13, Birdie Africa. Onse awiri anapsa kwambiri. Ramona wakhala akunena kuti apolisi ankawombera anthu amene ankayesa kuthawa motowo kuseri kwa nyumba, koma apolisi anakana zimenezi.

Kafukufuku ndi milandu

Goode anakhazikitsa bungwe lapadera lofufuza nkhaniyi, lomwe wapampando wake anali loya William H. Brown III. Lipoti lake linatuluka mu Malichi 1986. Linanena kuti kuponya bomba panyumba yokhalamo anthu n'chinthu chosayenera ngakhale kuchiganizira, ndipo linapeza kuti meya, mkulu wa apolisi ndi akuluakulu ena anachita zinthu mosasamala kwambiri. Koma bungweli linalibe mphamvu zozenga mlandu. Mu 1988 gulu la nzika lomwe khoti linasankha kuti lione ngati pali mlandu linagamula kuti pasaimbidwe mlandu mkulu aliyense. Sambor anali atatula kale pansi udindo wake kumapeto kwa 1985, pamene Goode anapepesa ndipo anasankhidwanso kukhala meya mu 1987.

Munthu yekhayo amene anapita kundende chifukwa cha zochitika za tsikulo ndi Ramona Africa. Anapezeka wolakwa pa milandu yoyambitsa chipolowe ndi kupangana zochita upandu, ndipo anakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1996 khoti la boma lalikulu linapeza kuti mzindawo unagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso, ndipo linalamula kuti ulipire madola 1.5 miliyoni kwa Ramona ndi achibale a anthu awiri mwa ophedwawo. Chipukutamisozi chimenechi chinachokera kuthumba la mzinda, osati kwa amene analamula kuti bomba liponyedwe.

Eni nyumba zina zomwe zinapsa nawonso anavutika zaka zambiri. Nyumba zomwe mzinda unawamangira zinali zosalimba, madenga ake ankadontha, ndipo m'chaka cha 2000 akuluakulu a mzinda anawauza kuti alandire ndalama n'kusamuka.

Mafupa a ophedwa

Khonsolo ya mzinda wa Philadelphia inapepesa mwalamulo mu Novembala 2020, patatha zaka 35. Mu Epulo 2021 kunadziwika kuti mafupa omwe ambiri amakhulupirira kuti ndi a mmodzi mwa ana ophedwawo anakhala akusungidwa ku Penn Museum ndi ku yunivesite ya Princeton, ndipo anagwiritsidwapo ntchito pophunzitsa pa intaneti achibale osadziwa. Mwezi wotsatira mkulu wa zaumoyo mumzindawo, Thomas Farley, anatula pansi udindo atavomera kuti mu 2017 analamula kuti mafupa ena a ophedwawo atenthedwe popanda kuuza mabanja. Pambuyo pake anapezeka ali m'bokosi, osatenthedwa.

Kufunika kwa nkhaniyi

Olemba mbiri ndi omenyera ufulu wa anthu amatchula nkhani ya MOVE akamakamba za mphamvu zomwe apolisi amagwiritsa ntchito m'madera a anthu akuda ku United States. Madandaulo a anthu oyandikana ndi gululi anali enieni, koma mmene boma linawayankhira zinawonongetsa nyumba za odandaula omwewo ndi kuphetsa ana omwe analibe mlandu. Mwa anthu asanu ndi anayi omwe anamangidwa mu 1978, awiri anafera m'ndende, ndipo womaliza anatulutsidwa mu Febuluwale 2020 atakhalamo zaka zoposa 40.