Dzanja limodzi, anthu asanu ndi anayi: mbiri ya ma no-hitter a Houston Astros

Makause ndi mudzi wa nyumba za malata ku Primrose, m'dera la Germiston, pafupi ndi milu ya dothi yomwe migodi ya golide idasiya. Dera lonseli la East Rand lidakula chifukwa cha migodi. Germiston weniweniyo adayamba mu 1886, golide atangopezeka, ndipo migodi yomweyi ndiyo idakoka agogo athu a ku Nyasaland kupita ku Joni, ena paulendo wa Wenela, ena wapansi. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti migodiyo idakokanso akatswiri a ntchito za pansi pa nthaka ochokera ku America, omwe m'zaka za m'ma 1890 adabweretsa masewera akwawo otchedwa baseball. Mpaka lero ku Boksburg ndi ku Benoni, mtunda wochepa chabe kuchokera ku Makause, kuli makalabu a masewerawa. Ulusi umenewu, ngakhale ndi wowonda, umafika mpaka ku Houston, m'chigawo cha Texas, ku timu yomwe oponya ake ali ndi mbiri yoyenera kuifotokoza.

Poyamba timvetsetsane za masewerawo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 9 m'bwalo. Woponya amaima mtunda wa mamita 18.44 kuchokera pa womenya, n'kuponya mpira wolimba womwe kawirikawiri umathamanga kuposa makilomita 150 pa ola. Womenya akaumenya ndi chibonga chake n'kufika pa ngodya yoyamba adani asanamutulutse, popanda wina wa m'bwalo kulakwitsa, amati wapeza hit. Masewero amakhala ndi zigawo 9, ndipo m'chigawo chilichonse muyenera kutuluka omenya atatu a timu iliyonse, kutanthauza kuti timu imafunika kutulutsa anthu 27. Ikatero popanda mdani kupeza hit ngakhale imodzi, ndiye no-hitter imeneyo. Womenya atha kufika pa ngodya chifukwa woponya waponya mokhotetsa kanayi, kapena chifukwa wina wagwetsa mpira, koma zimenezo siziwerengedwa ngati hit. Kuyambira 1876 ligi zikuluzikulu za ku America zaona ma no-hitter oposa 300 okha, pomwe masiku ano timu iliyonse imasewera masewero 162 pachaka. Mu 1991 akuluakulu a ligi adakhwimitsa lamulo, kuti masewero osafika zigawo 9 asamawerengedwe.

Timu ya Houston idayamba mu 1962 ndi dzina loti Colt .45s. Inali timu yofooka, yozolowera kugonja, koma chaka chachiwiri chokha, pa 17 Meyi 1963, Don Nottebart adamana Philadelphia Phillies hit iliyonse ndipo Houston idapambana 4-1. Chaka chotsatira kudachitika zomwe sizidachitikenso mpaka lero. Pa 23 Epulo 1964, Ken Johnson adafika m'chigawo chomaliza Cincinnati Reds isanapeze hit, koma anzakenso anali asanagoletse. Pete Rose adangogunda mpira pang'ono, Johnson adautola n'kuuponya molakwika ku ngodya yoyamba, Rose n'kufika pa ngodya yachiwiri. Patangopita nthawi pang'ono Nellie Fox, katswiri wodziwika chifukwa cha manja ogwira bwino, adalephera kutola mpira wosavuta, Rose n'kugoletsa. Houston idagonja 1-0. Johnson ndiye yekha m'mbiri ya ligiyi yemwe adaponya yekha zigawo zonse 9 popanda hit koma n'kugonja. Phunziro lidaoneka msanga: dzina lolembedwa m'buku ndi la woponya, koma zotsatira zili m'manja mwa anthu asanu ndi anayi.

Mu 1965 timuyi idalowa m'bwalo lofoleredwa la Astrodome n'kusintha dzina kukhala Astros. M'bwalo limeneli, pa 18 Juni 1967, mnyamata wakuda wa zaka 22, Don Wilson, adagonjetsa Atlanta Braves 2-0. Adatulutsa omenya 15 mwa kuwaphonyetsa, ndipo womaliza anali Hank Aaron, mmodzi mwa omenya oopsa kwambiri m'mbiri yonse ya baseball. Patapita zaka ziwiri Wilson adabwereza, ndipo ulendo uno kunali kubwezera. Pa 30 Epulo 1969 Jim Maloney wa Cincinnati adachititsa manyazi Astros ndi no-hitter ya 10-0. M'mawa mwake, pa 1 Meyi, pa bwalo lomwelo, Wilson adawabwezera chimodzimodzi, 4-0. Akadatha kupeza yachitatu pa 4 Seputembala 1974, koma mphunzitsi Preston Gómez adamuchotsa atamaliza zigawo 8 popanda hit, chifukwa timu inali kumbuyo 2-1 ndipo ankafuna womenya wabwino alowe m'malo mwake. Patangotha miyezi inayi, pa 5 Januwale 1975, Wilson adapezeka atamwalira ndi utsi wa galimoto m'galaja ya kunyumba kwake, ali ndi zaka 29. Timu idapachika nambala yake ya 40 kuti wina asadzaivalenso.

Kenaka padabwera mzere wa mayina omwe okonda timuyi amawatchula ngati akuwerenga mafumu a mudzi. Larry Dierker adachita zake pa 9 Julayi 1976 polimbana ndi Montreal Expos. Ken Forsch adatsatira pa 7 Epulo 1979, patangotha chaka mng'ono wake Bob Forsch atachita zomwezo ku St. Louis Cardinals, ndipo awiriwa adakhala abale a bere limodzi oyamba kuponya no-hitter aliyense payekha m'ligiyi. Pa 26 Seputembala 1981 Nolan Ryan adagonjetsa Los Angeles Dodgers 5-0. Imeneyi inali no-hitter yake yachisanu, kuposa zinayi za Sandy Koufax, ndipo adadzafika pa zisanu ndi ziwiri mu 1991 ali ndi zaka 44, atasamukira ku Texas Rangers. Mike Scott, pa 25 Seputembala 1986, adagonjetsa San Francisco Giants 2-0, ndipo chipambano chomwecho chidapatsa Astros ukatswiri wa chigawo chawo cha ligi. Darryl Kile adatseka mzerewu pa 8 Seputembala 1993 pogonjetsa New York Mets 7-1. Ma no-hitter asanu ndi anayi oyambawa, onse anali a munthu mmodzi woyamba yekha n'kumaliza yekha.

Zinthu zidasintha pa 11 Juni 2003, ku Yankee Stadium, ndipo zidayamba mwangozi. Roy Oswalt adavulala kumayambiriro kwa chigawo chachiwiri. Anzake asanu, Pete Munro, Kirk Saarloos, Brad Lidge, Octavio Dotel ndi Billy Wagner, adalandirana ntchitoyo mpaka kumapeto, ndipo New York Yankees idagonja 8-0 popanda hit, chinthu chomwe sichidaichitikire kuyambira 1958. Nthawi imeneyo anthu adaitenga ngati nkhani yachilendo. Koma mwa ma no-hitter asanu ndi atatu omwe Astros yapeza kuyambira 2003 mpaka 2024, anayi ndi ogawana: ya 2003 ija, ya pa 3 Ogasiti 2019 yomwe oponya anayi adagonjetsa Seattle Mariners 9-0, ndi ziwiri za mu 2022.

Chifukwa chake chili m'chigongono ndi m'thumba. Kuponya mwamphamvu kumang'amba mtsempha wa m'chigongono. Opaleshoni yolumikiza mtsemphawu, yomwe dokotala Frank Jobe adayamba kuichita pa woponya Tommy John mu 1974, imakhazika munthu pansi kupitirira chaka. Matimu omwe amalipira oponya mamiliyoni a madola adayamba kuwerenga mpira uliwonse, ndipo munthu akafika pamipira pafupifupi 100 amamuchotsa, ngakhale zinthu zikumuyendera. Ena amadandaula kuti no-hitter yogawana ilibe kukoma, popeza mantha onse a masewero otere amachokera poona munthu mmodzi wotopa akulimbana ndi omenya atatu omaliza. Dandauloli lili ndi nzeru. Komabe nkhani ya Ken Johnson idaonetsa kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ngakhale no-hitter ya Justin Verlander ya pa 1 Seputembala 2019 ku Toronto, yomwe inali yachitatu pa moyo wake, idatsala pang'ono kumupulumuka. Masewero anali 0-0 mpaka chigawo chomaliza, pomwe wosewera watsopano Abraham Toro adamenyera mpira kunja kwa mpanda n'kubweretsa zigoli ziwiri. Palinso wowakha, yemwe amakhala chonjuta kumbuyo kwa womenya n'kumauza woponya mtundu wa mpira woti aponye. Martín Maldonado wa ku Puerto Rico adawakha ma no-hitter atatu a Astros, koma dzina lake silikhala pamutu wa nkhani.

Mbiriyi ili ndi chilema chake. Mike Fiers, yemwe adaponya mipira 134 pogonjetsa Dodgers 3-0 pa 21 Ogasiti 2015, ndi yemwenso adaulula mu Novembala 2019 kuti m'chaka cha 2017, pomwe Astros idatenga chikho chake choyamba cha World Series, timuyi inkaba zizindikiro za owakha a adani pogwiritsa ntchito kamera, n'kumadziwitsa omenya ake pogogoda bini ya zinyalala. Mphunzitsi A. J. Hinch ndi mkulu woyendetsa timu Jeff Luhnow adachotsedwa ntchito mu Januwale 2020. Kubako kunkathandiza omenya osati oponya, koma dzina la timu lidadetsedwa, ndipo kulikonse komwe inkapita anthu ankaikuwiza.

Omwe adathandiza kutsuka dzinalo anali anyamata omwe matimu ena adawanyoza. Cristian Javier ndi Framber Valdez, onse a ku Dominican Republic, adasaina mu 2015 pa madola 10,000 aliyense, pomwe anzawo ooneka aluso amapatsidwa mamiliyoni ali ndi zaka 16. Pa 25 Juni 2022 Javier adaponya zigawo 7 ku Yankee Stadium, Héctor Neris ndi Ryan Pressly n'kumalizitsa. Pa 2 Novembala chaka chomwecho, m'masewero achinayi a World Series ku Philadelphia, Javier adaponya zigawo 6, Bryan Abreu, Rafael Montero ndi Pressly n'kutseka, 5-0. Inali no-hitter yachiwiri yokha m'mbiri ya World Series, kutsatira ya Don Larsen ya mu 1956, ndipo patapita masiku atatu Astros idatenga chikho. Valdez adaponya yekha pa 1 Ogasiti 2023, mipira 93 yokha, kukhala wamanzere woyamba wa timuyi kuchita zimenezi payekha. Ya nambala 17 idabwera pa 1 Epulo 2024, pomwe Ronel Blanco adagonjetsa Toronto Blue Jays 10-0. Blanco ankatsuka magalimoto kwawo ku Dominican Republic asanasaine mu 2016 pa madola 5,000, ali kale ndi zaka 22, ndipo adangopeza mpata woyamba masewerowo chifukwa oponya odziwika anali atavulala.

M'timu ya chaka chimenecho munali Tayler Scott, wobadwira ku Johannesburg mu 1992, yemwe mu 2019 adakhala woponya woyamba wa ku South Africa kusewera m'ligi yaikulu ya ku America. Mu 2024 adaponyera Astros m'masewero oposa 60, ntchito yake ili yolowa m'zigawo zakumapeto, yomwe ija ma no-hitter ogawana amadalira. Koma kuti afike kumeneko adasamukira ku Arizona ali mnyamata wa kusekondale. Yemwe adamutsogolera, Gift Ngoepe, adadzera njira ina. Adakulira m'kachipinda ka pa kalabu ya Randburg Mets, komwe mayi ake ankagwira ntchito, ndipo bwalo linali pakhomo penipeni. Pa 26 Epulo 2017 adasewerera Pittsburgh Pirates n'kupeza hit pa mwayi wake woyamba, polimbana ndi Jon Lester wa Chicago Cubs. South Africa ngati dziko idaonetsapo kale mano: idapambana pa masewera a All-Africa Games a mu 1999 ku Johannesburg, ndipo pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 idagonjetsa Netherlands 3-2.

Kusiyana kwa Dominican Republic ndi maiko athu sikuli m'mikono ya ana. Matimu onse 30 a ligi ya ku America ali ndi sukulu zophunzitsira anyamata pa chilumbacho, n'chifukwa chake wotsuka magalimoto wa zaka 22 adapezeka ndi munthu womuyang'ana akuponya. Ku South Africa, zaka za tsankho zidaika mabwalo abwino m'madera a azungu, ndipo mapu amenewo sadafufutikebe. Mwana wa ku Makause, kaya makolo ake adachokera ku Limpopo, ku Mangochi kapena ku Tete, atha kukhala ndi mkono wogenda bwino kuposa anzake onse, koma pakati pa iye ndi bwalo la ku Boksburg pali ndalama ya minibasi, ya kalabu, ya chibonga ndi ya magolovesi. Ngoepe adadutsa chifukwa ntchito ya mayi ake idamugoneka m'mphepete mwa bwalo. Blanco adadutsa chifukwa wina adalola kutaya madola 5,000 pa munthu yemwe ena adati wakula kale. Mndandanda wa Houston udayamba ndi mayina a ku America okhaokha, ndipo pofika mu 2024 unkathera pa Javier, Valdez ndi Blanco. Kuti dzina lochokera kuno lidzalembedwepo, pafunika kalabu yoyandikira, mphunzitsi, ndi wina wolipirira mwana ulendo wa Loweruka lililonse.