Zidindo za pa Mfuti ya Luger

Asilikali ambiri a ku Britain ndi ku America amene adapulumuka pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse adabwerera kwawo atabisa mfuti ya Ajeremani m'chikwama. Mfutiyo ndi yaing'ono, yogwira ndi dzanja limodzi, ndipo imatchedwa Luger potengera dzina la Georg Luger amene adaikonza. Gulu lankhondo la Germany lidailandira m'chaka cha 1908, n'chifukwa chake imatchedwanso P08. Eni ake ambiri adamwalira, ndipo adzukulu akaitulukira m'bokosi la agogo amafuna kudziwa zaka zake ndi kumene idadzera. Mboni yotsala ndi zidindo za pachitsulo basi.

Wofufuza amayamba wayang'ana pamwamba, pamene mpope walumikizana ndi thunthu la mfuti. Kuyambira mu 1910, mfuti za asilikali zinkadindidwa chaka pamalo amenewa. Chakumbuyo pang'ono pali chizindikiro cha fakitale. Zilembo za DWM zimaloza ku Berlin, pamene chisoti chachifumu chokhala pamwamba pa mawu oti Erfurt chimasonyeza fakitale ya boma ya mumzinda umenewo. Nambala ya mfuti payokha siithandiza kwenikweni, popeza ankati akawerenga kufika 10,000 ankayambiranso naonjezera chilembo kumapeto, motero mfuti zambiri zili ndi nambala yofanana. Phindu la nambalayo lili pa tizitsulo ting'onoting'ono. Amisiri ankapala kachitsulo kalikonse ndi manja kuti kakwane pa mfuti yakeyake, nadindapo manambala awiri otsiriza. Manambalawo akasiyana, ndiye kuti mfutiyo idaikidwapo ziwalo za inzake.

Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti pali chidindo chimodzi chimene chasokeretsa anthu ambiri. Mfuti zina zili ndi zaka ziwiri, monga 1917 ndi 1920, ndipo wopupuluma amaganiza kuti idapangidwa mu 1917 n'kukonzedwanso mu 1920. Zoona zake n'zina. Germany atagonja, pangano la ku Versailles la mu 1919 lidalamula kuti asilikali ake asapitirire 100,000. Zida zambiri zidali zitamwazikira m'manja mwa anthu wamba, choncho mu 1920 boma lidayamba kupereka ndalama kwa aliyense wobweza chida. Apa padabuka vuto lochititsa manyazi ndithu: msilikali akadatha kuba mfuti ya boma n'kukaigulitsa ku boma lomwelo. Pofuna kutseka mpata umenewu, akuluakulu adalamula kuti zida zonse za boma zidindidwe 1920. Nambala imeneyi tsono ikutchula mwini mfuti, monga chidindo cha pachikopa cha ng'ombe, osati chaka chimene idasulidwa.

Patapita zaka khumi ndi zinayi, zidindo zidasanduka chobisalira. Ntchito yopanga mfutizi idali itasamukira ku fakitale ya Mauser ku Oberndorf, ndipo boma la Adolf Hitler linkakundika zida mwamseri, mophwanya pangano lija. Pamalo a chaka cha 1934 adadindapo chilembo K, pa 1935 chilembo G, ndipo dzina la Mauser lidalowedwa m'malo ndi S/42. Hitler atalengeza poyera mu 1935 kuti akukuza gulu lankhondo, chaka chidayambanso kulembedwa mu 1936, koma fakitale idapitiriza kubisika. Mu 1941 idatenga zilembo za byf, mpaka mu 1942 pamene Mauser adaleka Luger nayamba kupanga Walther P38, yosavuta kusula.

Kumene mfuti idayenda n'kovuta kulondola. Zina zakale zili ndi zilembo kutsogolo kwa chogwirira, zotchula gulu la asilikali, kagulu ka m'kati mwake ndi nambala ya chidacho. Ikasamutsidwa, zilembo zakale ankazikhwatcha n'kudinda zatsopano pambali, motero wodziwa mbiri ya magulu angathe kunena mabwalo a nkhondo amene idafikako. Dzina la msilikali amene adainyamula silipezeka pachitsulo. Nthawi zina limapezeka ndi la amene adailanda, chifukwa pa nkhondo yachiwiri msilikali wa ku America ankapatsidwa chikalata chosainidwa ndi mkulu wake, chotchula dzina lake, tsiku, ndiponso kawirikawiri nambala ya mfuti imene akupita nayo kwawo.