Sikelo ya penshoni: manejala ndi mlonda

Ku America kampani siikakamizidwa kusungira antchito ake ndalama m'thumba la penshoni la 401(k). Makampani ambiri amangolonjeza kuonjezera pa zimene wantchito wasunga yekha. Msampha uli pomwepo. Wa malipiro ambiri amasunga zambiri, kampani n'kumuonjezeranso zambiri, pamene mnzake amene ndalama yake yathera ku lendi amatuluka chimanjamanja. N'chifukwa chake lamulo la misonkho la 1986 linabweretsa muyeso wotchedwa ACP. Chaka ndi chaka amayerekeza olipidwa kwambiri ndi ena onse, ndipo apamwamba akapyola malire, kampani imawachotsera zopyolazo kapena kuonjezera za apansi.

Kuno kwathu lamulo la penshoni la 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2023, linatseka khomo limenelo. Olemba ntchito amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito amadulidwa 5 peresenti. Kaya ndi manejala kaya mlonda, poyambira ndi pamodzi. Pamwamba pake pali inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chathunthu.

Tsankho lathu linabisala pa funso lina: wantchito ndani? Lamuloli poyamba linasiya kunja matenanti, antchito a m'nyumba ndi olembedwa kwa nyengo yokha. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, amenewa si ochepa. Ndi mayi wosoka fodya m'chigafa ku Madisi, manja atada bii ndi utomoni. Ndi mnyamata wodinda mabelo ku Malomo, amene ntchito yake imatha msika ukatsekedwa. Chawo ndi giratuwite ya 5 peresenti, theka la zimene bwana amasonkhera wa mu ofesi. Kwa ine, kumeneku ndiye kukondera kofunika kukuyeza.

Palinso ngongole ya penshoni, yomwe imandiwawa koposa. Lamulo limati zosonkha zifike kwa osunga thumba, monga Old Mutual kapena NICO, pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Komabe mabwana ena amadula 5 peresenti ija n'kuigwiritsa ntchito zina, ndipo a Reserve Bank akhala akudandaula za mchitidwewu kwa zaka zambiri. Mphunzitsi wa sukulu yapulaiveti amadzazindikira tsiku losiya ntchito kuti thumba lake ndi lopanda kanthu.

Inu amene mukudulidwa mwezi ndi mwezi, musakhutire ndi pepala la malipiro. Itanitsani sitetimenti kwa osunga thumba lanu, ndipo ngati ndalama sizikufika, kadandauleni ku ofesi ya zantchito pa boma.