Tsiku Limene Dzuwa Linada: Kadamsana ndi Mapiri a Chongoni

Mlendo wokwera phiri la Chongoni m'boma la Dedza amapeza mapanga okhala ndi zithunzi zakale. Malo otere alipo 127, ndipo ena odziwika ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika dera limeneli m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira anajambula Akafula, ndipo pakati pake pali zozungulira zokhala ndi mizere yonga cheza cha dzuwa. Zoyera anajambula Achewa, zina m'masiku amene ankabisala m'mapirimo kuthawa nkhondo ya Angoni.

Mbiri ya Angoni m'dziko lino imayamba ndi kadamsana. Akuluakulu amasimba kuti tsiku limene Zwangendaba ndi anthu ake ankawoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo, dzuwa linada usana. Anthu ophunzira za nyenyezi atawerengera chambuyo, anapeza kuti kadamsanayo anachitika mu November 1835. Motero nkhani yongosimbidwa pakamwa inapeza chaka chake. Angoni amene anadzakhazikika ku Domwe, pafupi ndi Dedza, anali a Maseko, omwe anawoloka paokha.

Makolo ankalidziwa thambo. Anatchula Nthanda, Nsangwe ndi Mlalang'amba, nawerenga nyengo poona mwezi. Amang'anja ankati mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani, nyenyezi ya m'mawa, amene amamana mwamuna wake chakudya mpaka kuonda, ndi Puikani, nyenyezi yamadzulo, amene amamnenepetsanso. Lero nkodziwika kuti akazi awiriwo ndi chinthu chimodzi, dziko lotchedwa Venus.

Kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko lapansi. Dzuwa limaposa mwezi kukula pafupifupi ka 400, koma lilinso kutali ka 400, chotero mwezi umatha kuliphimba lonse. Pa 21 June 2001 mthunzi wake unadutsa ku Angola, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Madagascar. Ku Lusaka kunada kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, pamene ku Dedza dzuwa linaphimbika mbali yaikulu koma osati lonse. Pa 1 September 2016 linaphimbikanso mbali ina, mthunzi utadzera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique.

Kadamsana wa mbali ndiye woopsa kwambiri. Kuwala kukachepa, munthu amalimba mtima nayang'anitsitsa, koma kachidutswa ka dzuwa kotsalako kamatentha mkati mwa diso. Mbali imeneyo ya diso simva kupweteka, ndipo wovulalayo amazindikira patapita maola, pamene waona banga pakati pa chilichonse chimene ayang'ana. Nthawi zina bangalo silichoka moyo wake wonse. Magalasi a dzuwa, galasi lodetsedwa ndi mwaye, filimu yakale ya zithunzi ndi madzi a m'beseni, zonsezi siziteteza maso. Kuloza dzuwa ndi mabainokyula opanda sefa yake kumawononga diso m'kanthawi kochepa.

Njira yabwino ilibe mtengo. Munthu aboole kabowo kakang'ono pa katoni, afulatire dzuwa, nalole kuwala kudzere pa kabowoko kugwera pa pepala loyera. Pamenepo adzaona chithunzi cha dzuwa lolumidwa. Pansi pa mtengo wamasamba pamadzaza timiyezi tambirimbiri. Wofuna kuyang'ana dzuwa lenilenilo afune magalasi opangidwira kadamsana, olembedwa ISO 12312-2, ndipo akhale osang'ambika. Ana ayang'aniridwe ndi makolo kapena aphunzitsi.

Kadamsana wa mwezi, wonga wa pa 27 July 2018 pamene mwezi unafiira kwa ola limodzi ndi mphindi 43, alibe choopsa pa maso.

Wofuna kuyamba kuphunzira za kumwamba sasowa chida. Asankhe usiku wopanda mwezi m'chilimwe, fumbi ndi utsi wa lupsa zisanachuluke, akhale kutali ndi nyali, nadikire mphindi 20 kuti maso azolowere mdima. Afunse agogo mayina a nyenyezi, ndipo alembe m'kope tsiku, nthawi ndi zimene waona. Kumapiri a Dedza, kumene midzi yambiri igona mumdima, Mlalang'amba umaoneka bwino lomwe, monga unkaonekera kwa amene anajambula m'mapanga a Chongoni.