Zimene Phiri la Hora Linasunga: Mbiri ya Kafukufuku wa Kwathu

Anzanga amene tinakhalira limodzi pa mabenchi a sukulu yathu, ndikhulupirira mukukumbukira phunziro la mbiri yakale. Aphunzitsi ankatiloweza pamtima kuti Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo tikafika pa phiri la Hora ankatiuza za nkhondo ya cha m'ma 1880, pamene Angoni anazinga Atumbuka a Baza Dokowe pa phiripo. Za anthu amene anakhala kuno Atumbuka ndi Angoni asanafike, tinkangomva dzina loti Akafula, kenaka belu n'kulira. Lero mbiri ya anthu amenewa yayamba kudziwika, ndipo ndikufuna tikumbutsane m'mene inadziwikira, chifukwa m'nkhaniyi muli phunziro kwa ife ophunzira akale.

Phiri la Hora lili kumpoto kwa boma la Mzimba, m'chigwa cha Kasitu. Ambiri a ife a ku Manyamula timalidziwa chifukwa cha mwambo wa Umthetho umene umachitikira kumeneko m'mwezi wa Ogasiti. M'tsinde mwa phirili muli mapanga a miyala yotsamirana, momwe anthu akale ankabisala mvula ndi kusonkha moto. M'chaka cha 1950, J. Desmond Clark, amene panthawiyo ankayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Livingstone, anakumba m'phanga limodzi pamodzi ndi W. H. J. Rangeley, bwana wa boma la atsamunda amene ankakonda kulemba mbiri ya mitundu ya anthu a m'Nyasaland. Iwo anapeza zida zing'onozing'ono zamwala ndi mafupa a anthu akuluakulu awiri.

Masiku amenewo dziko lino linalibe yunivesite. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa m'chaka cha 1965, ndipo nthambi ya boma yoona za zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967. Choncho mafupa aja anatumizidwa ku Yunivesite ya Cape Town, ku South Africa, ndipo anakhala kumeneko zaka zoposa 60 anthu a m'midzi yozungulira phirili osadziwa chimene akatswiri anaonamo. Umu ndi m'mene kafukufuku ankayendera kale: mlendo ankabwera, n'kukumba, n'kunyamula, ndipo eni nthaka ankatsala ndi dzenje.

Ntchito inayambiranso m'chaka cha 2016, pamene Dr. Jessica Thompson, amene anali pa Yunivesite ya Emory ndipo kenaka anasamukira ku Yale, ku America, anayamba kukumba m'chigwa cha Kasitu mogwirizana ndi nthambi ya boma ija. Kukumba kotereku kumadya ndalama. Pafunika maulendo a ndege, galimoto, zipangizo, malipiro a anthu okumba ndi kusefa dothi, komanso ndalama zoyezera zaka za makala ndi mafupa m'nyumba za sayansi za kunja. Thandizo linachokera ku mayunivesite omwewo ndi ku mabungwe monga National Geographic Society ndi Wenner-Gren Foundation. Katswiri amayamba walemba pempho lofotokoza funso limene akufuna kuyankha, anzake n'kuliunika, ndipo likavomerezedwa ndi pamene khasu limakhudza nthaka.

Komanso ntchitoyi siingatheke ndi munthu wa phunziro limodzi. Wina amadziwa zida zamwala, wina mafupa a anthu, wina mafupa a nyama zimene anthuwo ankadya, wina amayang'ana phulusa ndi dothi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Pamwamba pa onsewa panabweranso akatswiri a DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene mwana amatengera kwa makolo ake, ochokera ku gulu la Prof. David Reich ku Harvard.

Zotsatira zoyamba zinatuluka m'chaka cha 2017 m'magazini ya sayansi yotchedwa Cell. Mafupa a ku Hora amene anali ku Cape Town anayezedwa pamodzi ndi ena a ku Fingira, pa Nyika, ndi a ku Chencherere, ku Dedza. Mmodzi wa anthu a ku Hora anapezeka kuti anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 8,100 zapitazo. Mbali yaikulu ya magazi a anthu amenewa inali pachibale ndi ya mtundu wa San wa kum'mwera kwa Africa, ndipo mwa Amalawi a lero amene anayezedwa chizindikiro chimenechi sichinkaoneka kwenikweni. Kunena mwachidule, makolo athu olima ndi osula zitsulo anapeza kuno eni dziko ena, osaka nyama ndi otola zipatso, amene mbumba yawo inazimirira.

Mu 2022 magazini ya Nature inalengeza za makanda awiri amene anakumbidwa m'phanga lomwelo, a zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo. DNA yawo ili m'gulu la yakale kwambiri imene yapezeka kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kenaka mu Januwale 2026, magazini ya Science Advances inafotokoza za mayi wamkulu koma wamfupi msinkhu amene thupi lake linatenthedwa pa mulu wa nkhuni pomwepo zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Akatswiri anawerengera kuti panafunika nkhuni zosachepera makilogalamu 30. Uwu ndi umboni wakale kuposa wina uliwonse mu Africa wa maliro otentha thupi pa nkhuni mwadala. Anthu amene timawatchula mopepusa kuti Akafula ankasonkhana, kutema nkhuni ndi kulira malemu awo monga ifenso tichitira pa siwa.

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka tiyenera kukathokoza. Ulendo uno zinthu zinasinthako poyerekeza ndi 1950: boma limapereka chilolezo, akatswiri a ku Malawi mayina awo amalembedwa pa zotsatira, ndipo anthu a m'midzi ya pafupi amalembedwa ntchito ndi kuphunzitsidwa kukumba. Komabe ndalama ndi makina oyezera zimachokera kutali, ndipo zotsatirazo zimalembedwa m'Chingerezi chovuta chimene mwana wa Fomu 2 ku Manyamula sangachimve.

Apa ndi pamene ife tikulowapo. Pakati pathu pali aphunzitsi, alimi, azaumoyo, abusa ndi ogwira ntchito m'boma. Tikhoza kusonkha ndalama ya galimoto kuti ana a pa sukulu yathu akaone phangalo ndi maso awo. Tikhoza kuuza abale kumudzi kuti kukumba m'mapanga pofuna chuma kapena manyowa kumasakaniza dothi limene linayalana kwa zaka zikwi zambiri, ndipo likasakanizika palibe katswiri angaliwerengenso. Lamulo la dziko limaletsanso kukumba malo otere popanda chilolezo. Ndipo tikamagawa thandizo la fizi, tisaiwale mwana wokonda mbiri yakale, chifukwa Yunivesite ya Mzuzu ili pafupi, ndipo pempho lotsatira la ndalama zokakumbira ku Hora likhoza kudzalembedwa ndi mwana wa kuno kwathu.

Nkhaniyi ndidzaiperekanso pa msonkhano wathu waukulu ukubwerawu, kuti tidzaikambirane bwino.